Mwati adzisamalire? Nanga chigubucho asenze ndani?

Atsikana anzanga, ife a m'tauni mawu oti self-care timawakonda. Kukakonzetsa tsitsi, kupaka zikhadabo, kuzimitsa foni Lamlungu masana n'kugona osayankha munthu. Palibe cholakwika, nafenso timatopa. Koma lero tikambe za kudzisamalira kwa mtundu wina, kumene munthu akakuphonya sabata imodzi yokha amakapezeka pa bedi lachipatala akubanika ngati akumira m'madzi.

Ine kwathu ndi ku Milonde, ku Mulanje, chakufupi ndi malire a Mozambique. Kumeneko kuli mayi anga aang'ono, a zaka za m'ma 40. Chaka chatha anayamba kutupa mapazi mpaka masilipasi osalowa. Kuyenda pang'ono, befu. Usiku ankagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akangoti agone chagada mpweya unkawathawa. Kuchipatala anawauza kuti mtima wawo wafooka. Anawapatsa mapilitsi ndi malangizo anayi: chepetsani mchere, siyani ntchito zolemetsa, mankhwala osadumphitsa, muzibwera tsiku limene talemba m'bukumu.

Sipanathe miyezi itatu, anagonekedwanso. Pa gulu lathu la banja la pa WhatsApp, ife a ku Blantyre ndi ku Lilongwe tinagamula mlandu mwachangu: "Amayi aja samva. Sadzisamalira." Inenso ndinavomereza, n'kuikapo kachithunzi kaja kogwira pamutu. Kenako ndinapita kukakhala nawo masiku asanu, ndipo ndinabwerako ndi manyazi.

Tsiku loyamba ndinadzuka ndikumva chigubu chikugunda pansi pakhomo. Anali atabwera kale kumjigo. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20, pamutu pa munthu amene mtima wake ukulephera ngakhale kunyamula thupi lake lomwe. Ndinati, "Amayi, kodi si paja anakuletsani?" Anandiyang'ana, n'kupuma kaye, kenako anati, "Mwanawe, anandiletsa zoona. Koma sanandiuze woti atunge."

Yankho limenelo ndilo landilembetsa zonsezi. Tikamauza mzimayi wodwala mtima kuti adzisamalire, koma mphika, chigubu, chikwama cha ndalama ndi nkhani za kuchipinda zili m'manja mwa anthu ena, ndiye kuti tikungomusenzetsa mlandu. Kudzisamalira kwa wodwala mtima ndi ntchito ya khomo lonse, ndipo pa makomo ambiri munthu amene amasamalira aliyense ndi yemweyo amene alibe womusamalira.

Timvetsetse kaye matendawo. Akati mtima wafooka, sikuti wayima. Mtima ndi pampu, ndipo pampuyo yachepa mphamvu moti sikukankha magazi mokwanira. Zikatero impso zimasunga mchere ndi madzi, madziwo n'kumadzadza m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo. N'chifukwa chake wodwala amatupa, amatsokomola usiku, amatopa ndi ntchito yoti kale ankaigwira akuimba. Nthawi zambiri matendawa satheratu, koma ndi mankhwala komanso chisamaliro cha tsiku ndi tsiku munthu amakhala zaka zambiri akuyenda ndi kuseka.

Musaganize kuti ndi matenda a azigogo kapena a mabwana onenepa. Mu 2012 madokotala motsogozedwa ndi Albertino Damasceno wa ku Maputo anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 1,006 amene anagonekedwa ndi vutoli m'mayiko 9 a muno mu Africa, kuphatikizapo Mozambique. Theka anali akazi. Zaka zawo pongoyerekeza zinali 52, pamene ku Ulaya odwala otere amakhala a zaka za m'ma 70. Gwero lalikulu linali BP, pafupifupi odwala 45 pa 100 alionse. Kwathu kuno, kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo oposa 9 pa 10 alionse mwa iwo sankadziwa n'komwe. Mayi anga aang'ono anali m'gulu limenelo. Mutu unkawapweteka zaka ndi zaka, iwo n'kumangogula Panado pa kagolosale.

Tiyambe ndi mphika. A WHO amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kutanthauza kasupuni kakang'ono ka tiyi, osadzadza n'komwe. Kwa wodwala mtima nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kumene kwapita mchere madzi amatsatira. Koma kumudzi mphika wa ndiwo ndi umodzi, nkhuni n'zowerengeka, mafuta ndi a mu kachubu. Amayi atayesa kuchepetsa mchere, bambo anakankha mbale n'kunena kuti sangadye ndiwo zozizira ngati ali m'ndende. Mawa lake mchere unabwerera. Sikuti amayi sanamve malangizo. Anasankha mtendere wa pakhomo, monga mmene tonsefe anatiphunzitsira pa ma bridal shower kuti banja ndi kupirira.

Ndipo mchere si wa m'paketi wokha. Uli mu bakayawo ndi nsomba zina zouma zokolera mchere, uli mu timakyubu ndi tiufa tokometsera ndiwo, uli mu soseji, mu poloni, mu tchipisi cha pachiwaya. Ngakhale soda wa mu therere ali ndi sodium yemweyo amene amasungitsa madzi m'thupi. Apa ndiye tidziyang'ane ife a m'tauni, chifukwa tikamapita kumudzi jumbo yathu imakhala ndi zomwezi: makyubu, majarini, soseji. Timati tikuwasangalatsa.

Chachiwiri ndi kapilitsi kochotsa madzi kaja, furosemide, kamene ambiri amangoti Lasix. Kamagwira ntchito pokodzetsa, ndipo ukamwa maola angapo otsatira umakhala ukuthamangira kuchimbudzi. Ndinapeza kuti amayi sankamwa tsiku lopita kumaliro, tsiku la mapemphero a amayi, tsiku la msika ku Limbuli, ndi tsiku lokwera minibasi. Tawerengani masiku amenewo pa mwezi. Ndinawafunsa chifukwa chake, anaseka mwamanyazi n'kuti, "Bambo akhoza kuimitsa galimoto n'kutembenukira kutchire. Nanga ine?" Munthu sangauze dokotala wamwamuna, wa msinkhu wa mwana wake, nkhani yotere pamzere wa anthu 60 akudikira panja. M'buku amangolemba kuti wodwala satsatira malangizo. Chonsecho yankho lake n'losavuta: kukambirana ndi achipatala kuti tsiku la ulendo pilitsilo azimwa akafika kapena akabwerako, m'malo molisiyiratu.

Palinso mankhwala amene amabweza wodwala m'mbuyo osadziwa. Mzimayi wogwira ntchito zolemetsa thupi limaphwanya, ndiye amagula Brufen, Indocid kapena diclofenac pa golosale. Mankhwala a gulu limeneli amasungitsa mchere ndi madzi m'thupi ndipo amavulaza impso, moti kwa munthu wa mtima wofooka ndi adani. Amayi anali nawo pawindo, pambali penipeni pa mapilitsi a mtima. Palibe amene anawauzapo.

Chachitatu ndi ndalama. Timakonda kunena kuti chipatala cha boma n'chaulere. Inde, koma njira yopita kumeneko si yaulere. Wodwala mtima sangayende wapansi mtunda umene ankayenda kale, ndiye pafunika kabaza, kenako minibasi yopita ku boma. Akamutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuti akaunike mtima ndi makina, ndi ulendo wina wa makilomita oposa 60 kuchokera ku Mulanje boma, ndipo sapita yekha, pafunika gadiyani, amenenso nthawi zambiri ndi mzimayi wosiya munda wake kapena mtsikana wojomba kusukulu. Mankhwala akasowa, monga zimachitikira m'zipatala zathu, amakulembera kuti ukagule. Tsono ndalama ya nandolo kapena ya ganyu ku tiyi ikabwera, ndani amanena kuti iyi ndi ya feteleza, iyi ndi ya fizi, iyi ndi ya mtima wa amayi? Ndipo amayiwo, mukuwadziwa, amadziika kumapeto kwa mzere. Mwana akatentha thupi amathamanga naye usiku. Iwo akatupa amati tione mawa.

Nyengo nayo sitithandiza. Namondwe Freddy atawomba mu March 2023, Mulanje anali mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, misewu ndi milatho zinaduka, anthu anakhala m'misasa. Munthu wa matenda a mgonagona akasowa mapilitsi milungu iwiri chifukwa mlatho wapita, sawerengedwa pa anthu ovulala ndi namondwe, koma wavulala.

Chachinayi ndi chimene sitikonda kukamba: mimba. Apa ndiye nkhaniyi yafika pa msinkhu wathu. Mzimayi akakhala woyembekezera magazi m'thupi mwake amachuluka ndi pafupifupi theka, mtima n'kumagwira ntchito yowonjezera. Alipo atsikana amene ali ana anadwala zilonda zapakhosi zosachizidwa bwino, thupi polimbana ndi tizilomboto n'kuwononga timakomo ta mumtima. Madokotala amati rheumatic heart disease. Ambiri amakula osadziwa, vuto n'kudzatulukira pa mimba yoyamba. Palinso mtundu wina umene amautcha peripartum cardiomyopathy, pamene mtima wa mayi amene anali bwinobwino umafooka chakumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyambirira atachira. Umapezeka kwambiri mwa akazi akuda kuposa mitundu ina. Ambiri akalandira mankhwala msanga mtima umabwerera m'chimake, koma mimba ina, makamaka mtima usanachire, ikhoza kupha.

Tsono taganizani mtsikana wa zaka 23, mwana ali kumsana wa miyezi iwiri, miyendo yatupa, akubanika. Kumudzi nkhani yoyamba si ya mtima. Ndi tsempho. Akuluakulu amakhala pansi kufufuza kuti ndani wayenda njira zachilendo, ndani wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Sindikunyoza makolo athu. Anaona ndithu kuti pakati pa mchere ndi kutupa pali ubale. Koma mlandu anaupereka kwa dzanja lothira mchere, ndipo dzanja limenelo nthawi zonse ndi la mkazi. Pamene banja likuzenga mlandu ndi kufunafuna zitsamba, madzi akukwera m'mapapo. Mayi wongochira kumene akatupa n'kumabanika, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Zokambirana zidikire.

Akachira, dokotala amati musatengenso mimba pakadali pano. Mtsikana uja amabwerera kunyumba yekha ndi uthengawo. Bambo akufuna mwana wamwamuna, apongozi akuwerenga zaka, anzake akumuuza kuti ukachedwa akakutengera mnzako. Ena mwa mankhwala a mtima, monga enalapril, amavulaza mwana m'mimba, ndiye nkhani ya kulera ndi mbali ya chithandizo, ndipo njira yake asankhe pamodzi ndi achipatala chifukwa si njira zonse zimene zimayanjana ndi mtima wodwala. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti munthu ali ndi ufulu wosankha chiwerengero cha ana ndi nthawi yobereka, komanso njira yolera. Koma lamulo lili pa pepala ku Lilongwe, mtsikana ali m'chipinda ku Milonde. Amafunika munthu woima naye, ndipo dokotala akamafotokoza za kuopsa kwa mimba ina mwamunayo akhale pompo, amve ndi makutu ake.

Ndikudziwa ena mukuti, "Koma sisi, alipo odwala osamvadi." Alipo. Alipo amene akangopeza bwino amataya mapilitsi. Alipo amene mneneri akawauza kuti achira amasiya mankhwala kuti aonetse chikhulupiriro. Alipo amene safuna kusiya mowa ndi fodya. Wodwala ali ndi mbali yake, ndipo palibe amene angamumezere pilitsi. Koma tisanamutchule munthu kuti wosamva, tifunse kaye: anamufotokozera m'chilankhulo chake, modekha, kuti kupeza bwino ndi umboni woti mankhwala akugwira ntchito, osati woti matenda atha? Akudziwa kuti pilitsi ili ndi la chiyani, ilo ndi la chiyani? Amatha kuwerenga zimene zalembedwa pa kapepala? Nanga mumtima mwake muli bwanji? Munthu amene dzana ankalima ekala yekha, lero akupumira panjira yopita kuchimbudzi, amakhumudwa, amadziona ngati katundu. Wokhumudwa sasamala za mapilitsi. Amayi anandiuza usiku wina kuti, "Ndikangokhala, anthu aziti ndayamba ulesi." Matenda a mtima saoneka ngati bala. Kutupa kumene ena amati wanenepa, banja lamuyanja.

Nde tichite chiyani, ife amene thandizo lathu limathera pa Airtel Money ndi Mpamba?

Tiyambe ndi kusintha funso. Tikaimba foni tisamangoti "Muli bwanji?" chifukwa yankho mukulidziwa: "Tili bwino, kaya inu." Tifunse kuti usiku mwagona chogona kapena chokhala? Masilipasi akulowa? Mapilitsi atsala angati? Tsiku lobwerera kuchipatala ndi liti? Lero watunga madzi ndani?

Ngati tingathe, tigule sikelo yoyezera thupi, ndalama yake siposa ya tsitsi limodzi. Wodwala azidziyeza m'mawa uliwonse akangochoka kokodza, asanadye, n'kulemba m'kope. Akakwera ndi makilogalamu opitirira 2 m'masiku atatu, si kunenepa, ndi madzi, apite kuchipatala. Popanda sikelo, adinikize chala pa msongolo: pakatsala kadzenje, madzi achuluka. Zizindikiro zina zosadikira nazo ndi kubanika ngakhale atangokhala, kudzidzimuka usiku akusowa mpweya, kukomoka, ndi kutsokomola thovu. Aliyense pakhomo, mpaka ana asukulu, azidziwe zimenezi.

Ndalama ya transipoti ndi ya mankhwala titumize payokha, kwa wodwalayo kapena kwa munthu amene iye wasankha, ndipo tinene poyera kuti ndi ya chiyani. Tisonkherane apachibale kulipira woti azitunga madzi ndi kutola nkhuni, kapena anyamata a pakhomo agawane masiku. Chigubu sichisankha mutu. Sikuti wodwala azingogona tsiku lonse, ayi, kuyenda pang'onopang'ono akakhala kuti ali bwino kumathandiza mtima. Choletsedwa ndi kusenza, kusinja, kulima mpaka befu.

Za mphika, njira ilipo yosafuna nkhuni zambiri: kuphika ndi mchere wochepa kwambiri kapena wopanda, kupatula za wodwala, ofuna mchere athire m'mbale mwawo. Anyezi, tomato, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo. Lilime limazolowera pakapita milungu ingapo, ndipo kunena zoona banja lonse lipindula, chifukwa BP imayenda m'magazi.

Nkhanizi zisathere pa foni. Kwathu mbumba ili ndi mwini wake. Malume amaitanitsa msonkhano pakakhala ukwati, maliro kapena mkangano wa munda. Aitanitsenso wa mlongo wawo akadali moyo. Mutu umodzi susenza denga, timatero, koma denga la matendawa talisiyira mutu umodzi, wodwala womwewo.

Boma nalo lili ndi ngongole. Mu 2001 ku Abuja mayiko a mu Africa analonjeza kuika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Mu August 2022 nduna za zaumoyo za mu Africa zitakumana ku Lomé, m'dziko la Togo, zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, yoti matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo a mtima, azithandizidwa pa chipatala cha boma laling'ono, ndi makiliniko ofesala ndi anamwino ophunzitsidwa bwino, osati ku zipatala zazikulu zokha. Ndipo si maloto, ku Neno akhala akuchita zimenezi mogwirizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo. Ngati zatheka ku Neno, kumapiri kovuta misewu kuja, tili ndi chifukwa chofunsira phungu ndi khansala wa kwathu kuti boma lililonse zifika liti, kuti mapilitsi a BP ndi a mtima azipezeka pa chipatala chaching'ono cha pafupi, ndi kuti mayi aliyense wobwera kusikelo ya mwana aziyezedwa BP ndi kufunsidwa za mpweya wake, osati kulemera kwa khanda kokha.

Ndipo iwe amene ukuwerenga pa minibasi kapena pa lanchi, BP yako unayezetsa liti? Mwana wako kapena mng'ono wako akamadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, usamangomupatsa madzi a mandimu, mupititse akamuone, chifukwa penisilini wa lero amateteza mtima wa mayi wa mawa. Ngati unauzidwapo kuti mtima wako uli ndi vuto, uza achipatala usanatenge mimba, ndipo ngati anakulembera jakisoni wa mwezi ndi mwezi, usamudumphe.

Tsiku lonyamuka, ndinakhala pansi ndi bambo aang'ono ndi malume. Sizinali zophweka, mawu anakwera, ndinauzidwa kuti ana a m'tauni mumabwera ndi malamulo. Sindinganame kuti zonse zasintha. Koma pano madzi akutunga ndi mnyamata wa kusekondale asanapite kusukulu, Indocid anachoka pawindo, ndipo mchere uli m'kambale pamphasa, aliyense amathira yekha. Bambo amadandaulabe. Amayi miyezi isanu tsopano sanagonekedwe, ndipo sabata yatha ananditumizira uthenga kudzera kwa mdzukulu wawo woti masilipasi akulowa.

Pa gulu lija la WhatsApp uthenga woti "sadzisamalira" udakalipo, ndi kachithunzi kanga pansi pake. Sindinaufufute. Usikuuno muimbireni mayi, azakhali kapena mchemwali amene mumati samva, ndipo mufunse funso limodzi lokha: lero watunga madzi ndani?